Jasi la Mzime

Lolemba, 6 Meyi

Andigoneka m'chipatala lero m'mawa. Akulemba izi ndi mwana wanga wamkazi womaliza, amene kunyumba timangomutcha Mzime. Ine sukulu ndinalekezera panjira, ndipo dzanja langa linazolowera sizasi, osati cholembera. Ndiye ine ndizinena, iye azilemba, kenako azindiwerengera kuti ndimve ngati sanaonjezeremo zake.

Lemba kuti ndine telala. Osati wa zigamba ayi. Telala wa masuti.

Matenda ndi awa: shuga, ndi bala pa chala chachikulu cha phazi lamanja, phazi lomwe ndimapondera makina. Ndinaponda phini m'shopu mwezi wathawu, sindinamve kanthu, mpaka bala linayamba kununkha. Anesi atandibaya pa chala cha dzanja, kamakina kawo kanaonetsa 24. Ndinafunsa ngati amenewo ndi malikisi abwino. Anati munthu wabwinobwino amakhala cha m'ma 6.

Bedi langa lili pa zenera. Kumanzere kwanga kuli Aphunzitsi opuma ntchito, amene mtima wawo ukuvuta. Amawerenga nyuzipepala ya sabata yatha n'kumakwiya nayo ngati yalero. Moyang'anana nane muli Adalaivala a basi, a BP. Mimba yawo ndikaiyeza ndi maso ikupitirira mainchesi 50.

Onsewa ndawauza kuti mwana wangayu ali chaka chachitatu ku yunivesite, akuphunzira udokotala. Mzime akuti ndizinena kuti sayansi ya zaumoyo. N'chimodzimodzi. Lemba udokotala.

Lachiwiri, 7 Meyi

Jakisoni wa insulini pamimba m'mawa ndi madzulo. Diripi ya mankhwala a bala pa mkono wamanzere. Shuga 19.

Kwabwera anthu awiri a majasi oyera. Ine munthu ndimamudziwira pa msoko wa chovala chake, ndipo pa zimenezi sindinalakwepo chiyambire.

Woyamba ndi mwamuna woonda. Jasi lake losasita, manja ake aafupi ngati anachita kubwereka kwa mng'ono wake, pathumba pali banga la inki, batani lachiwiri palibe. Anagwada pansi n'kugwira phazi langa lonunkhalo, kulitsuka, kuchotsa minofu yakufa. Ntchito anaigwira bwino, sindikukana. Koma munthu amene amamutuma kutsuka mapazi a anthu, udindo wake ndi wodziwikiratu. Ndamutcha Kabatani.

Wachiwiri ndi amayi. Jasi lawo logwira m'mapewa ngati anabadwa nalo, kolala yoima, mpendero wowongoka kuzungulira konse. M'khosi mwawo anakoleka tepi yoyezera, ngati yanga. Anandiimiritsa n'kundiyeza m'chiuno ndi pa mkono. Tepi sanaikoke, sanailekerere, ndipo anati, "Pumani bwinobwino, bambo, musabweze mimba." Makasitomala anga onse amabweza mimba, ndipo mawu amenewa ndi omwe ndimawauza. Anapeza 46.

Anafunsa zomwe ndimadya kuyambira m'mawa mpaka kugona, ndi masupuni a shuga mu tiyi. Ndinati atatu. Mzime anati asanu. Amayiwo analemba asanu.

Pochoka, Kabatani anati, "Mankhwala tikupatsani, bambo, koma za mbale yanu mumvere amayiwa. Shuga akapanda kutsika, chalachi tichotsa."

Mwamva? Mumvere amayiwa. Ndiye palibenso chofunsa, amenewo ndiwo Dokotala Wamkulu.

Mlembi wanga wayamba kutsokomola. Akuti ndi fumbi.

Lachitatu, 8 Meyi

Shuga 17. Tiyi wopanda shuga. Lemba kuti ndi madzi otsukira ketulo.

Mzime wabwera ndi nkhani. Akuti chaka chino ku yunivesite, kupatula maphunziro okakamiza, aliyense asankhe yekha makosi awiri pa asanu ndi imodzi, ndipo zomwe wasankhazo ndi zomwe zidzamutsegulire ntchito akamaliza. Kusankha kukutsekedwa Lachisanu la sabata ya mawa. Ndinamuuza andiwerengere onse pang'onopang'ono.

Ya mankhwala ndi mmene amagwirira ntchito m'thupi. Ya kayendetsedwe ka zipatala. Ya madzi ndi ukhondo wa m'mizinda. Ya thanzi la ochita masewera. Ya kadyedwe ka odwala. Ya kadyedwe ka ana ndi amayi oyembekezera.

Ndinati, "Apa palibe chovuta. Mankhwala ndi kayendetsedwe. Udzakhala dokotala, komanso bwana wa madokotala anzako."

Anayang'ana pansi n'kunena kuti, "Ababa, ine mtima wanga uli pa awiri omalizawo."

"A kudyawo?"

"A kadyedwe, ababa."

"Iwe, ndaponda makina mpaka phazi kuwola kuti ukaphunzire kuphika? Kudya ngakhale Adalaivala awo amakudziwa, ndipo sanapite ku yunivesite."

Adalaivala anati, "Zoona, achimwene, ine ndili ndi digiri yake."

Mzime akuti sasankha chinthu chomwe ine ndakana, makamaka pamene ndili pabedi. Ndi mwana woleredwa bwino. Ndiye nkhani yatha.

Lachinayi, 9 Meyi

Shuga 15. Kabatani anabweranso kudzatsuka phazi. Batani silinabwerere.

Nkhani sinathe. Wodi yonse yalowa m'makosi a mwana wanga ngati nkhani ya chisankho. Adalaivala akuti atenge ya masewera, azidzayenda ndi timu ya mpira, iwo azidzalowa m'bwalo mwaulere ngati amalume ake. Bambo wina wa bedi la pakhomo, amene chifikireni sanalankhulepo, anadzuka n'kunena kuti, "Ya madzi. Mpopi wa kwathu umatulutsa matope." Atatero anagonanso. Aphunzitsi akuti mwana asankhe yekha. Ndinawafunsa kuti ana a m'kalasi mwawo ankawalola kusankha okha. Anabisala m'nyuzipepala.

Dokotala Wamkulu anadutsa masana kudzaona mbale zathu. Anachotsa buledi mmodzi pa mbale yanga n'kuonjezera masamba. Ndinati, "Zikomo, adokotala."

Anati, "Ine si dokotala, bambo."

Lemba zimenezi bwino, Mzime, uphunzirepo. Anthu akuluakulu enieni ndi odzichepetsa. Ndinasokerapo woweruza milandu wina amene ankati iye ndi kalaliki chabe.

Mlembi watsokomolanso, ndipo Aphunzitsi nawo ayamba. Fumbi lachuluka m'wodi muno.

Lachisanu, 10 Meyi

Thupi latentha. Phazi likugunda ngati muli mtima wina. Asintha mankhwala a m'diripi. Sindinena zambiri.

Kabatani anabwera katatu. Amamugwiritsa ntchito mwana wa eni ake.

Loweruka, 11 Meyi

Kutentha kwatsikako. Shuga 13. Ndadya dzira, masamba ndi theka la nthochi. Theka linalo Mzime anadya pamaso panga, osachita manyazi.

Ndalota makina anga akusoka okha.

Lamulungu, 12 Meyi

Lero akulemba ndi Aphunzitsi, chifukwa Mzime wapita kukawerenga. Ndawachenjeza kuti alembe zomwe ndanena, osakonza.

Kwabwera achemwali anga aakulu ndi chikwama chawo chachikulu chija. Atandiona anayamba kulira kuti andiumitsa ngati chingwe. Anati, "Mlongo wanga, anthu awa akupha ndi masamba ngati mbuzi." Pansi pa thawulo m'chikwamamo munali keke ya uchi ndi botolo la chakumwa chotsekemera, lokulungidwa m'sokosi.

Lembani kuti ndinakana kawiri. Kachitatu kukana mlongo wako wamkulu ndi mwano.

Adalaivala anathandizako, pofuna kuti tchimo lichepe mbali yanga.

Za makosi, achemwali ali kumbali yanga. Akuti Mzime atenge ya kayendetsedwe ka zipatala, kuti m'banja mwathu musadzapezekenso woima pa mzere. Za kadyedwe anati, "Akafuna kuphika abwere kwanga, ndimuphunzitsa masana amodzi."

Lolemba, 13 Meyi

Shuga 22. Anesi anayeza kawiri poganiza kuti kamakina kaonongeka. Ine ndinagwirizana nawo kuti kaonongeka.

Kabatani anayang'ana bala, anayang'ana ine, n'kupukusa mutu. Anaonjezera insulini n'kunena kuti, "Ndikuitanirani amayi aja." Mukuona? Zikavuta amathamangira kwa abwana ake.

Dokotala Wamkulu sanakalipe. Anakoka mpando n'kukhala pafupi nane. Anatola kachidutswa ka keke pa kolala ya pijama yanga, anakayang'ana bwinobwino, n'kufunsa kuti, "Inali yokoma?"

Ndinati inali yokoma.

Anati, "Ndimamva kuti ndinu telala. Munthu atabwera kuti mumusokere suti pa muyeso wa achimwene ake, mungatani?"

Ndinati ndingamuthamangitse.

Anati, "Chakudya n'chimodzimodzi. Cha achemwali anu sichingakukwaneni. Muyeso wanu uli pathupi panu pomwepo." Ndiye anagwira dzanja langa n'kulipinda. Mpunga kapena mbatata, chibakera changa chimodzi. Nyama kapena nsomba, chikhatho changa, zala osawerengera. Masamba, manja onse awiri odzaza. Mafuta, nsonga ya chala chachikulu. Sanati ndileke kudya. Anati ndidye pa muyeso.

Adalaivala anakweza chibakera chawo, chomwe chili ngati papaya, n'kunena kuti, "Ineyo ndiye ndapindula."

Chibwerere kuno, aliyense wandiuza za shuga m'mawu omwe sindimva. Amayi awa andiuza m'chitelala. Amenewa ndiye maphunziro. Ndamuuza Mzime kuti aziwayang'anitsitsa, ayende ngati iwo, alankhule ngati iwo. Anati, "Ndikuyesetsa, ababa."

Lachiwiri, 14 Meyi

Shuga 14. Akulemba ndi Aphunzitsi. Izi Mzime asaziwerenge, mutembenuze pepala.

Aphunzitsi andifunsa chifukwa chake makosi a kadyedwe ndikudana nawo chonchi. Ndiwayankha, alembe.

Malemu amake a Mzime anagwira ntchito yophika m'nyumba za anthu moyo wawo wonse. Manja awo anali ndi zipsera za mafuta otentha mpaka m'zigongono. Ankabwera kunyumba akununkha anyezi wa eni ake, miyendo itatupa. Maphwando onse omwe anaphikira, ankawaonera pa zenera la khitchini. Tsiku lomwe tinawaika m'manda ndinanena mumtima kuti mwana uyu sadzaima pa poto wa munthu.

Atapeza malo ku yunivesite, ndinagula nsalu yoyera yabwino koposa m'sitolo monse, n'kumusokera jasi. Pathumba ndinapetapo ndi ulusi wabuluu kuti DOKOTALA. Zilembozo anandilembera pa pepala mnzanga wosoka nsapato, ine n'kumatsatira chimodzichimodzi. Jasilo lili m'shopu, m'pulasitiki, pamalo oti aliyense wolowa alione. Makasitomala amafunsa, ine n'kumayankha mosafulumira.

Ndiye lero ndikawauze kuti chiyani? Kuti jasi lija ndi epuloni?

Aphunzitsi akuti ali ndi mawu. Ndawauza kuti ntchito yawo ndi kulemba.

Lachitatu, 15 Meyi

Shuga 11. Bala layamba kufiira m'mbali, ndipo Kabatani akuti ndi chizindikiro chabwino. Anamwetulira, ndipo ndinaona kuti thumba lakenso layamba kusomoka pakona. Mnyamatayu alibe mkazi, kapena ali naye wosamukonda.

Ndayamba kuyeza mbale za anthu onse ndi chibakera. Adalaivala akuti ndasanduka wapolisi wa pamsewu. Mkazi wawo atabweretsa nkhuku yokazinga, ndinangokweza chikhatho, iwo n'kubweza ntchafu imodzi m'poto.

Mzime wafika maso ali ofiira. Akuti anzake onse asankha kale, ndipo mu kosi ya kadyedwe ka odwala malo atsala ochepa. Ndinati atsale, si athu. Anati, "Chabwino, ababa. Lachisanu ndilembetsa ya mankhwala ndi ya kayendetsedwe."

Ananena mwaulemu. Kenako anandisendera lalanje, theka.

Ndapambana, koma lalanjelo silinakome. Lemba zimenezo. Ayi, fufuta. Wakana kufufuta.

Lachinayi, 16 Meyi

Shuga 9. Achotsa diripi, tsopano ndi mapiritsi.

Maganizo abwino amabwera munthu akasamba. Ndikutuluka kubafa ndinadzifunsa kuti, tikulimbanirana chiyani pamene yankho likuyenda m'wodi momwemuno litavala jasi losita? Ine makosiwa ndimangowaweruza ndi mayina. Mzime ndi mwana. Koma alipo munthu amene anadutsa njira yonse n'kufika pamwamba penipeni.

Mzime atafika ndinaitana Aphunzitsi ndi Adalaivala kuti akhale mboni. Ndinakhala tsonga, n'kumanga mabatani onse a pijama.

Ndinati, "Mawa Dokotala Wamkulu akabwera, uwafunse makosi omwe iwo anasankha ali pa msinkhu wakowu. Omwe atchulewo, utenge omwewo. Ine sinditsutsa, iwenso usatsutse. Ukamva kuti anatenga ya mankhwala ndi ya kayendetsedwe, usadzandilirire."

Mzime anati, "Ababa, mukutsimikiza?"

Ndinati, "Nsalu ikadulidwa sibwerera pa mpukutu. Ndadula."

Aphunzitsi anaphimba nkhope ndi nyuzipepala, ndipo nyuzipepalayo inkanjenjemera. Ndinaitana anesi poopa kuti ndi mtima. Anesi anawayeza n'kunena kuti ali bwino kuposa masiku onse.

Lachisanu, 17 Meyi

Shuga 8. Lero ndinena pang'onopang'ono, ndipo mlembi asathamange.

Analowa onse awiri, Kabatani patsogolo. Iye anayambira pa bedi la Adalaivala, Dokotala Wamkulu anabwera kwa ine ndi tepi yawo. M'chiuno 45. Inchesi imodzi yapita.

Ndinakodola Mzime. Anaimirira mwaulemu n'kufunsa kuti, "Pepani amayi, bambo anga akufuna kudziwa makosi omwe munasankha chaka chachitatu."

Anati, "Ine? Kadyedwe ka odwala, ndi kadyedwe ka ana ndi amayi oyembekezera."

Ndinaganiza kuti makutu anga alowa shuga. Ndinati, "Amenewo anali oyambira. Nanga udokotala weniweniwo munauphunzira liti?"

Anati, "Bambo, ndinakuuzani kuti ine si dokotala. Ndine katswiri wa kadyedwe. Dokotala wamkulu wa wodi ino ndi awo." Analoza Kabatani.

Kabatani anali atawerama, akumvetsera pamimba pa Adalaivala, kolala yake mbali imodzi italowa m'kati.

Ndinati, "Awo? Otsuka mapaziwo?"

Kabatani anaweramuka n'kunena kuti, "Ndine ndemwe, bambo. Madokotala a mapazi ngati lanulo m'chipatala muno ndinawaphunzitsa ndine. Lanu ndimatsuka ndekha chifukwa sindinkafuna kulitaya."

Wodi yonse inaphulika. Adalaivala anaseka mpaka bedi kulira. Bambo wa pakhomo uja anadzuka n'kunena kuti, "Safunsa anadya phula," n'kugonanso. Aphunzitsi anati iwo ankadziwa kuyambira tsiku loyamba, ndipo sabata ziwirizi zawachiritsa kuposa mapiritsi.

Ndinatembenukira kwa Mzime. "Iwenso unkadziwa?"

"Ndinayesa kukuuzani, ababa. Munati ndilembe udokotala."

Iye yekha sanaseke. Anthu aja atapita ku mabedi ena, anakhala m'mphepete mwa bedi langa, foni ili m'manja, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Ababa, mawu a dzulo sindikugwirani nawo. Munalonjeza musakudziwa. Mukati mankhwala ndi kayendetsedwe, ndilembetsa pompano."

Apa ndiye panavuta. Akanandikakamiza ndi mboni zija, ndikanakalipa n'kupeza pothawira. Koma anandibwezera nsalu yonse m'manja.

Ndinafunsa kuti, "Chifukwa chiyani ukufuna zimenezi? Amako sanakwane pa mapoto?"

Anati, "Amayi ankaphikira anthu ena zabwino zonse. Iwo ankadya zotsala, ataimirira, zamchere ndi zamafuta. BP itawagwira anangopatsidwa mapiritsi. Panalibe munthu wokoka mpando n'kuwapinda dzanja ngati mmene anakuchitirani amayi aja. Ine sindikufuna kuima pa poto, ababa. Ndikufuna kukhala pa mpando umenewo."

Ndinayang'ana kuzenera nthawi yaitali. Kunja kunalibe chilichonse choona, khoma basi ndi thanki ya madzi.

Kenako ndinati, "Bweretsa kuno foniyo. Nsalu ndinadula ndine, ndisoka ndine."

Anandisonyeza pogwira. Chala cha telala n'chokhuthala kunsonga chifukwa cha singano. Ndinadina, Mzime n'kukuwa kuti, "Ababa, mwandilembetsa ya masewera!"

Adalaivala anaimika manja m'mwamba ngati timu yawo yagoletsa. "Mulungu wayankha! Musakhudzenso!"

Tinafufuta. Ndinadinanso, ulendo uno Mzime atagwira chala changa ngati mmene ndinkagwirira chake pomuphunzitsa kulowetsa ulusi pa singano. Kadyedwe ka odwala. Kadyedwe ka ana ndi amayi oyembekezera. Foni inalira kamodzi. Akuti malo anali atatsala awiri.

Mlembi akutsokomolanso. Lero si fumbi.

Loweruka, 18 Meyi

Shuga 7. Dokotala akuti chala chapulumuka, ndipo ndituluka Lolemba. Mzime, kuyambira pano uzilemba Dokotala, usalembenso dzina lija.

Ndinatuma Mzime ku shopu kuti akatenge bokosi langa la singano ndi jasi la m'pulasitiki lija. Dokotala atabwera kudzaona bala ndinati, "Adokotala, vulani jasi."

Anati, "Bwanji, bambo?"

Ndinati, "Inu mwakonza phazi langa osandifunsa maganizo. Vulani."

Anavula. Ndinaika batani, ndinasoka thumba, ndinamasula mpendero wa manja n'kuwatalikitsa inchesi imodzi ndi theka. Banga la inki landikanika, limenelo likufunika mapemphero. Anaimirira pamenepo ndi shati yokha, anesi akudutsa n'kumabisa nkhope. Atavala anadziyang'ana pa galasi la zenera n'kunena kuti akuoneka ngati dokotala. Ndinati akanabwera kwa ine kale, bwenzi zonsezi kulibe. Mlandu ndi wa jasi, si wanga.

Achemwali anabwera ndi chikwama chija. Ndinachisecha ndekha. Munali mabisiketi m'sokosi, ndipo ndawapereka kwa anesi. Atamva za makosi anagwira m'mutu n'kunena kuti, "Ndiye tiziimabe pa mzere?" Ndinati mukadya pa muyeso, mzerewo simuufuna. Anandiyang'ana ngati andisinthitsa kuchipatala kuno.

Lolemba, 20 Meyi

Ndikutuluka lero. Shuga 7. Insulini m'mawa ndi madzulo, kutsukitsa bala kawiri pa sabata, nsapato zotseka ngakhale m'shopu, makina osaponda mpaka Dokotala atalola. Kwa amayi a kadyedwe ndizibwera mwezi ndi mwezi kudzayezedwa. Thalauza lomwe ndinabwera nalo likugwa, ndalimanga ndi bandeji. Ndikalibweza ndekha kunyumba.

Dzulo tsiku lonse ndinali pa jasi la Mzime ndi lezala, kuchotsa zilembo zija chimodzichimodzi. Ulusi womwe unasoka wekha umavuta kuchotsa, chifukwa ndinasoka kuti usadzachoke. Nsalu sinang'ambike. Patsala timabowo ta singano, koma tidzatha ndi kuchapa.

Aphunzitsi andilembera pa pepala mawu atsopano, KATSWIRI WA KADYEDWE. Ndayeza. Pathumba lija sakukwana. Ndiye ndichotsa thumbalo n'kuika lina lalikulu. Makasitomala akafunsa, ndiziwauza zoona zokhazokha: udindo wa mwana wanga ndi wautali moti pa thumba la dokotala sukwana.

Adalaivala andipatsa nambala yawo kuti Mzime akamaliza adzawayeze kwaulere. Aphunzitsi andipatsa nyuzipepala.

Pomanga katundu ndinatulutsa tepi yanga m'bokosi, ija yachikasu yofufutika manambala oyambirira, yomwe ndayezera akwati, oweruza ndi maliro. Ndinaikoleka m'khosi mwa Mzime. Anati, "Ababa, nanga inu muziyezera chiyani?" Ndinati ine maso anga ndi tepi kale, sindinalakwepo.

Wodi yonse inatsokomola.

Mzime, usaikoke, usailekerere, ndipo munthu asakubwezere mimba. Tseka cholemberacho, unditengere ndodo.